Kudya Bwino ndi Kuchepetsa Thupi Popanda Kuwononga Ndalama

Phunziro kwa ogwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Arcturus, pamodzi ndi mabanja awo

Cholinga cha phunziroli

Phunziro lino lalembedwera inu amene mumagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Arcturus ndi m'mapulazi ozungulira m'boma la Goromonzi, pamodzi ndi onse amene mumadya nawo pakhomo. Mukaliwerenga mudziwa:

- mmene mungadziwire ngati thupi lanu lakula mopitirira muyezo;
- mmene mungasinthire kadyedwe pogwiritsa ntchito zakudya zimene mumazidziwa kale;
- nthawi imene kuwonda kuli chizindikiro cha matenda.

Mfundo yaikulu ndi iyi: kuchepetsa thupi sikufuna kugona ndi njala, ndipo sikufuna zakudya zodula za m'masitolo akuluakulu a ku Harare. Chofunika ndi kusintha kagawidwe ka zakudya pa mbale yanu ya masiku onse, ndi kukonzekera bwino tsiku la malipiro.

Kale kunali njala, lero kwabwera vuto lina

Makolo athu ambiri anafika m'dziko lino kuchokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Ena anayenda wapansi, ena anabwera pa malole a Ulere. M'makomboni a nthawi ya atsamunda phoso lawo lalikulu linali ufa, ndipo ndiwo zinali zochepa kwambiri. Chifukwa chosowa masamba ndi zipatso, ambiri ankadwala matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, amene amabwera thupi likasowa vitamini C. Ngakhale inu nomwe mukukumbukira chaka cha 2008 pamene m'masitolo munalibe kanthu, komanso chilala cha 2024 chimene boma linalengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse.

Choncho n'zosadabwitsa kuti pakati pathu munthu wonenepa amaoneka ngati wodala. Timati "zikumuyendera," kapena "akusungidwa bwino." Munthu akayamba kuwonda anthu amanong'onezana, makamaka chibwerereni matenda a Edzi.

Koma zinthu zasintha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zimbabwe wa chaka cha 2015 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 35 anali olemera mopitirira muyezo. Lero m'nyumba imodzi mutha kupezeka mwana wopinimbira, bambo wothamanga magazi ndi mayi wa matenda a shuga. Onsewa akudya zofanana: nsima yambiri, ndiwo zochepa zosambira m'mafuta, ndi tiyi wa shuga wambiri. Amakhuta ndithu, koma thupi silikupeza zonse zimene limafuna.

Kodi kunenepa kwambiri kuli ndi vuto lanji?

Mafuta akachuluka m'thupi, makamaka pamimba, mtima umagwira ntchito yolemetsa. Zotsatira zake ndi izi:

- matenda othamanga magazi, amene ambiri amangoti BP;
- matenda a shuga;
- matenda a mtima, a impso ndi kufa kwa ziwalo;
- kuwawa kwa mawondo ndi msana.

Kwa munthu wa mumgodi vutoli limakula. Thupi lolemera limatopa msanga pokwera makwerero, ndipo limavutika ndi kutentha kwa pansi. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Fumbi la miyala ya golide limawononga mapapo ndipo limachititsa kuti chifuwa chachikulu cha TB chilowe mosavuta. Matenda a shuga nawonso amafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti munthu wa shuga amatha kudwala TB kawiri kapena katatu kuposa munthu amene alibe shuga. Mukapewa shuga, ndiye kuti mwatetezanso mapapo anu.

BP ndi shuga zimatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kuwawa kulikonse. Mukadwala, ntchito imaima, malipiro amaima, ndipo ana pakhomo ndi abale amene mumawatumizira ndalama kumudzi amavutika.

Dziyezeni ndi chingwe

Simufunika sikelo kuti muyambe. Chitani izi:

1. Tengani chingwe. Chiduleni kuti chifanane ndi kutalika kwanu, kuyambira kuphazi mpaka pamutu.
2. Chipindeni pakati.
3. Zunguzani chingwe chopindacho pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Musakokere mimba m'kati.

Ngati nsonga ziwiri zakumana, muli bwino. Ngati sizikukumana, mimba yanu yaposa theka la kutalika kwanu, ndipo phunziroli likukukhudzani. Amene muli ndi tepi ya telala, dziwani kuti chiopsezo chimayamba mimba ikafika masentimita 94 kwa abambo ndi masentimita 80 kwa amayi. Chimakula kwambiri pa masentimita 102 kwa abambo ndi 88 kwa amayi. Muyezo umenewu sugwira ntchito kwa ana ang'onoang'ono kapena amayi oyembekezera.

Mukapita ku chipatala pemphani anamwino akuyezeni sikelo, BP ndi shuga, ndipo alembe manambala m'buku lanu la kuchipatala. BP yofika 140/90 kapena kuposa apo, ikapezeka pa masiku awiri osiyana, imafuna chithandizo.

Chenjezo: kuwonda kumene simunakufune

Musanasinthe kadyedwe, werengani ndime ino kawiri. Ngati thupi likutha lokha inu musanachite kanthu, musasangalale. Pitani ku chipatala msanga ngati mukuwonda komanso:

- mukutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa, kapena makhololo ali ndi magazi;
- mukutuluka thukuta usiku kapena thupi likutentha pafupipafupi;
- mukubanika mukangoyenda pang'ono;
- mukumva ludzu losatha ndipo mukukodza kawirikawiri, ngakhale usiku;
- mukutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali.

Zizindikiro zimenezi zitha kukhala TB, matenda a fumbi la m'mapapo, shuga kapena kachilombo ka HIV. M'zipatala za boma mankhwala a TB ndi ma ARV amaperekedwa kwaulere. Munthu amene akumwa mankhwala a TB asayese kuchepetsa thupi. Iyeyo ayenera kudya mokwanira kuti achire.

Kodi mbale yanu ikuoneka bwanji?

Amene munakhalapo ku Malawi munamva za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Thupi limafuna magulu onsewa tsiku lililonse. Vuto la mbale zathu ndi lakuti gulu limodzi, la zokhutitsa, limadzaza mbale yonse, ndipo ndiwo zimangokhala zonyowetsera mbamu.

Gawani mbale yanu motere:

- Theka la mbale: ndiwo zamasamba.
- Gawo limodzi mwa magawo anayi: nyemba, khobwe, nzama, soya, kapenta, mazira kapena nyama.
- Gawo lotsalalo: nsima, mbatata, chinangwa kapena mpunga.

Palibe amene akukuuzani kuti musiye nsima. Funso ndi lakuti, mitanda ingati? Yankho lili pa ntchito imene mumagwira. Munthu wotapa miyala ndi fosholo, wokankha ngolo kapena wolima tsiku lonse amawotcha mphamvu zambiri, ndipo ayenera kudya nsima yokwanira. Koma mlonda, dalaivala, kalaliki, woyendetsa makina, kapitawo, wogulitsa pa msika ndi munthu wopuma pantchito safuna nsima yofanana ndi ya wotapa miyala. Anthu ambiri amayamba kunenepa pamene akwezedwa pantchito, asamutsidwira ku ntchito yopepuka kapena ntchito yawathera. Thukuta lachepa, koma mbale ikadali yomwe ija.

Ngati mumadya mitanda inayi, yambani kudya itatu ndipo malo a mtanda wachinayiwo muikepo masamba. Pakatha masabata awiri kapena atatu mimba izolowera. Kwa munthu wa ntchito yopepuka, nsima yofanana ndi chibakera chake, kapena kuposa pang'ono, ndi yokwanira pa chakudya chimodzi. Yambani kudya ndiwo, idyani modekha, ndipo musathamangire kuwonjezera. Ngati mumadyera mbale imodzi ndi anzanu, dzipatulireni gawo lanu pa mbale ina kuti muone kuchuluka kwa zimene mukudya.

Sankhani mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Mgaiwa sunachotsedwe madeya ndi mtima wa chimanga, choncho umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi michere yambiri. Mukagula chimanga pa ndowa n'kukagayitsa nokha, palibe chimene chimatayika ngati mmene zimakhalira pokonola. Mukapeza ufa wa mapira, mawere kapena mchewere, sakanizani ndi wa chimanga. Ngati mukugula ufa wa m'sitolo, onani chizindikiro chosonyeza kuti anathiramo mavitamini. Kuyambira mu July 2017 malamulo a Zimbabwe amafuna kuti ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira zopangidwa m'mafakitale zikhale zowonjezeredwa michere.

Ndiwo zotsika mtengo zili pafupi nanu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Kumeneku ndi ngati manja odzaza kasanu. Ndiwo zabwino kwambiri ndi zimene makolo athu ankadya. Pogula pa msika zingakuthandizeni kudziwa mayina ake a Chishona:

- nkhwani ndi muboora;
- luni ndi nyevhe;
- chisoso ndi tsine;
- therere ndi derere;
- mpiru ndi tsunga;
- mfutso ndi mufushwa;
- nzama ndi nyimo;
- mtedza ndi nzungu, ndipo chiponde ndi dovi.

Bonongwe anzathu amamutchula kuti mowa. Umenewo ndiye mowa wokhawo umene phunziroli likukulimbikitsani kuti muzipeza tsiku lililonse.

Nthawi ya dzinja masamba amenewa amamera okha. Thyolani ambiri, afutseni ndi kuwayanika pamthunzi podutsa mphepo kuti mudzadye m'chilimwe pamene ndiwo zimadula. Pophika musathire soda kapena chidulo chambiri, chifukwa zimapha mavitamini. Masamba asapse mpaka kusanduka akuda, ndipo msuzi wake musataye.

Zomanga thupi si nyama yokha. Nyemba, khobwe, nzama, nandolo ndi nyama ya soya zimamanga thupi pa mtengo wotsika, ndipo zimasungika popanda firiji. Viikani nyemba m'madzi usiku wonse kuti zipse msanga, musawononge nkhuni kapena magetsi. Kapenta wa ku Kariba amadyedwa ndi minga yomwe, choncho amalimbitsa mafupa. Dzanja limodzi la kapenta losakaniza ndi masamba ndi tomato limakwanira anthu angapo. Mazira, chambiko, ngumbi, madora ndi mbewa nazonso ndi zabwino. Soseji, poloni ndi nyama ya mafuta ambiri zikhale za apo ndi apo.

Zipatso idyani za nyengo yake: mango, magwafa, mapapaya, nthochi, malalanje, masuku amene kuno amati mazhanje, masawu ndi malambe. Chipatso chodya chathunthu chimaposa juwisi wa m'botolo.

Zinthu zinayi zimene zimadya ndalama ndi thanzi lanu

1. Mafuta ophikira. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi mphamvu zimene munthu amaziwotcha poyenda mwachangu pafupifupi theka la ola. Musathire mafuta kuchokera m'botolo mwachindunji. Yezani ndi supuni. Botolo la malita 2 lili ndi masupuni aakulu oposa 130. Banja likamagwiritsa ntchito masupuni 4 patsiku, botololo limatha mwezi wathunthu. Ngati lanu limatha m'masabata awiri, ndiye kuti mukudya mafuta owirikiza kawiri. Wiritsani, wotchani kapena tenderani ndi nsinjiro m'malo mokazinga. Mukathira nsinjiro kapena chiponde musathirenso mafuta, chifukwa mtedza uli nawo kale. Mandasi ndi tchipisi zimamwa mafuta ambiri.

2. Shuga. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri kutsikira pa 6. Tawerengani. Makapu atatu a tiyi, kapu iliyonse masupuni atatu, ndi masupuni 9 patsiku. Pa mwezi ndi shuga woposa kilogalamu imodzi, munthu mmodzi yekha. Botolo la 500 ml la zakumwa zambiri zozizira zotsekemera lili ndi masupuni oposa 10. Kuyambira mu 2024 boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa zoterezi. Chepetsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime lizolowera. Mahewu kapena thobwa lophika pakhomo ndi labwino ngati simuthiramo shuga wambiri, koma kumbukirani kuti ndi chakudya. Ludzu limafuna madzi.

3. Mchere. Mchere sunenepetsa, koma umakweza BP. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kapena kuti supuni imodzi yaing'ono yosadzaza, kuphatikizapo mchere umene uli kale mu buledi, supu wa m'mapaketi ndi tizidutswa tokometsera ndiwo. Chotsani mchere pa mphasa kapena pa tebulo podya. Kapenta ndi nsomba zouma za mchere zitsukeni kapena kuziviika musanaphike. Kometsani ndiwo ndi anyezi, tomato, adyo, tsabola ndi mandimu. Mchere umene mukugula ukhale wa ayodini.

4. Mowa. Mowa uli ndi mphamvu zambiri zonenepetsa, ndipo wa masese uli ngati phala lothiramo chidakwa. Umakweza BP, umawononga chiwindi, ndipo umabweretsa ngozi pantchito. Tengani pepala mulembe ndalama zonse zimene zinapita ku mowa mwezi wathawu. Kenaka funsani pa msika kuti ndalama zimenezo zikanagula makilogalamu angati a nyemba.

Tsiku la malipiro

Ambiri timadziwa mmene mwezi umayendera. Sabata yoyamba ndi nyama yowotcha, zakumwa ndi buledi wopaka majarini. Sabata yomaliza ndi nsima ya ndiwo za mchere ndi ngongole ya pa kantini. Kadyedwe kotereka kamawononga thupi ndi thumba lomwe. Yesani izi:

- Musanalandire ndalama, khalani pansi ndi akunyumba kwanu n'kulemba zofunika kugula.
- Gulani kaye zosungika za mwezi wonse: chimanga, nyemba, nzama, soya, kapenta, mtedza, mafuta ndi mchere.
- Patulani ndalama ya masamba, tomato ndi zipatso m'magawo anayi, gawo limodzi sabata iliyonse.
- Pewani timapaketi ting'onoting'ono timene kuno amati tsaona. Timaoneka totchipa, koma mukawerengera pa kilogalamu mumalipira zambiri.
- Musapite kukagula zinthu muli ndi njala kapena mutamwa.
- Pewani katapila pogula chakudya.

Mutu umodzi susenza denga. Mabanja anayi kapena asanu atha kusonkha ndalama n'kutuma munthu mmodzi ku Mbare Musika ku Harare, mtunda wa makilomita oposa 30, kukagula nyemba, kapenta ndi mbatata zambiri nthawi imodzi, n'kudzagawana. Ndalama ya basi imakhala ya munthu mmodzi yekha. Magulu a chipereganyu, amene kuno amati mukando, atha kuchita chimodzimodzi. Nthawi yokolola, kuyambira April mpaka June, gulani chimanga, mtedza ndi khobwe kwa alimi oyandikana nanu mitengo isanakwere. Ziumitseni bwino, ndipo tayani mtedza ndi chimanga cha chuku, chifukwa chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ngakhale mutaphika.

Kadimba ka pakhomo

Malo ang'onoang'ono kuseri kwa nyumba, ngakhale matumba odzaza dothi ndi manyowa, atha kukupatsani repu, kovo, mpiru, anyezi ndi tomato. Koma m'dera la migodi samalani ndi izi:

- Musathirire ndiwo ndi madzi ochokera m'madamu a zinyalala za mgodi kapena pamalo otsukira golide.
- Musalime pa milu ya mchenga wotayidwa ku mgodi.
- Musasungire madzi, ufa kapena mahewu m'zigubu zimene munali cyanide, asidi kapena mankhwala a m'munda, ngakhale zitatsukidwa.
- Musawotche golide wa mercury m'nyumba, m'khitchini kapena pa moto wophikira. Utsi wake umawononga ubongo ndi impso, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Chakudya cha pa shifiti

Musalowe pansi muli ndi njala pofuna kuchepetsa thupi. Munthu wanjala amachita chizungulire, ndipo chizungulire pa makwerero kapena pafupi ndi makina chimapha. Idyani musanalowe, ndipo nyamulani kamba wochokera kunyumba.

Nachi chitsanzo cha tsiku limodzi:

- M'mawa: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika, ndi tiyi wa shuga wochepa.
- Pa shifiti: mutakura, ndiye kuti chimanga chophika pamodzi ndi nzama, khobwe kapena mtedza, dzira lowiritsa, nthochi kapena gwafa, botolo la madzi.
- Madzulo: nsima ya mgaiwa, nyemba kapena kapenta, ndi masamba odzaza theka la mbale.

Imwani madzi pang'onopang'ono shifiti yonse, musadikire ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo chakudya chikhale chovundikira kuti chisalowe fumbi.

Amene muli pa shifiti ya usiku idyani chakudya chachikulu musanapite kuntchito, pakati pa usiku mudye chopepuka. Zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu zili ndi shuga wambiri ndipo zimathamangitsa mtima. Yesetsani kugona maola 7, chifukwa munthu wosagona mokwanira amalakalaka zotsekemera.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Kuchepetsa thupi kokhalitsa ndi kutaya theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Simukuyenera kubwerera pa thupi la unyamata wanu. Kutaya makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse kumatsitsa kale BP ndi shuga. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, kumeneku ndi kutaya makilogalamu 4 ndi theka mpaka 9 m'miyezi ngati 6. Kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene zotsatira zake zinatuluka ku America mu 2002 anasonyeza kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atachepetsa thupi pang'ono ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chinatsika ndi magawo 58 pa 100.

Ngati ntchito yanu ndi yokhala pansi kapena yoimirira malo amodzi, yendani mwachangu mphindi 30, masiku 5 pa sabata. Kulima kudimba, kupalasa njinga, kusewera mpira ndi kuvina magule monga beni kapena chimtali zonse zimathandiza.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mwachitsanzo:

- Sabata yoyamba: yezani mafuta ndi supuni.
- Sabata yachiwiri: chepetsani shuga wa mu tiyi, ndipo siyani zakumwa zotsekemera m'kati mwa sabata.
- Sabata yachitatu: chotsani mtanda umodzi wa nsima, onjezerani masamba.
- Sabata yachinayi: yambani kuyenda, ndipo konzani ndandanda ya zogula pa malipiro akubwerawa.

Yesani chingwe chija kamodzi pa mwezi. Mukadya kwambiri pa ukwati, pa maliro kapena pa Khirisimasi, musataye mtima. Mawa lake pitirizani. Anzanu akayamba kukufunsani chifukwa chake mukuchepa thupi, auzeni zoona: "Ndikupewa shuga ndi BP." Mwina wina atengerapo phunziro.

Amene mukumwa mankhwala

- Ma ARV: Kuyambira mu 2019 anthu ambiri ku Zimbabwe ndi ku Malawi anasinthidwira ku mankhwala a TLD. Ndi mankhwala amphamvu, koma anthu ena amanenepa akamawamwa. Musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi. Uzani anamwino, akuyezeni shuga ndi BP, ndipo tsatirani malangizo a m'phunziro lino.
- Mankhwala a shuga: Funsani a chipatala musanachepetse chakudya. Jakisoni wa insulini ndi mapiritsi ena amatsitsa shuga kwambiri munthu akapanda kudya. Nyamulani siwiti kapena shuga pang'ono kuntchito, ndipo mnzanu mmodzi wa pa shifiti adziwe za matenda anu. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kusokonezeka, idyani chotsekemeracho nthawi yomweyo.
- Mankhwala a BP: Pitirizani kumwa ngakhale mukumva bwino. A chipatala okha ndiwo angachepetse mlingo.
- Mankhwala ochepetsa thupi a pa msewu: Tiyi, mapiritsi ndi zitsamba zimene amagulitsa pa msika kapena pa WhatsApp kawirikawiri zimangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimachoka ndi madzi, mafuta amatsala, ndipo kwa munthu wogwira ntchito pamalo otentha kutaya madzi ndi koopsa. Alipo majakisoni atsopano ochepetsa thupi amene madokotala amalemba, koma ndi odula kwambiri, ndipo mu 2024 WHO inachenjeza kuti kwapezeka ena achinyengo. Musagule jakisoni kwa munthu wamba.

Ana ndi amayi

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asachepetse chakudya. Ana nawonso asamanidwe chakudya. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, kenaka apatsidwe phala lothira nsinjiro, dzira, ufa wa kapenta kapena masamba, uku akuyamwabe. Ndalama imene mumagulira ana maswiti ndi zokhwasula za m'mapaketi muwagulire nthochi kapena dzira. Pogawa ndiwo, nyama ndi mazira zisapite kwa bambo okha. Abambo, thandizani amene amaphika pakhomo. Musakalipe kuti ndiwo zachepa mafuta kapena mchere.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi kuno kwathu anthu amati chiyani munthu akanenepa? Nanga akawonda?
2. Kodi botolo la mafuta ndi paketi ya shuga zimatha masiku angati kunyumba kwanu?
3. Ndi ndiwo ziti zimene makolo anu ankadya koma inu munazisiya? Chifukwa chiyani?
4. Ndi mabanja ati amene mungagwirizane nawo pogula zakudya mwezi uno?

Kumbukirani

- Mimba isapose theka la kutalika kwanu.
- Theka la mbale likhale masamba, ndipo nsima igwirizane ndi ntchito imene mumagwira.
- Yezani mafuta, shuga ndi mchere ndi supuni.
- Musalowe mumgodi muli ndi njala.
- Mukamawonda musanafune, pitani ku chipatala sabata yomweyo.
- Yezetsani BP ndi shuga kamodzi pa chaka, ngakhale mukumva bwino.

Mukamaliza kuwerenga, perekani kapepalaka kwa mnzanu, kapena muwerengereni amene satha kuwerenga. Ngati muli ndi mafunso, funsani anamwino a pa chipatala chapafupi kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.